Kodi "mfulu" wa m'mwambi uja ndi ndani? Tikufuna kulemba pa chiliza cha agogo

Akuluakulu, ndithandizeni. Ndikulemba kuchokera mumzinda wa Tete kumene ndimagwira ntchito, koma kwathu ndi ku Angonia, chakufupi ndi mishoni ya Lifidzi. Agogo athu aakazi, obereka mayi anga, anatisiya chaka chatha anthu ali mkati mokolola. Panopa tikusonkherana zomangira chiliza, ndipo ine ndinati pansi pa dzina lawo tilembepo mwambi umene sunkachoka pakamwa pawo:

"Patsepatse n'kulanda, mwana wa mfulu apatsa yekha."

Amalume akana kwamtuwagalu. Akuti mwambiwu ngonyoza anthu opempha, ndiye wodutsa pamanda adzati apa pagona nkhalamba youmira. Paja mwinimbumba ndi iwo, sindingawatsutse ndilibe pogwira. Vuto langa ndi liwu loti mfulu. Sukulu ndinaphunzira m'Chipwitikizi, Chichewa changa ndi cha pakhomo ndi kutchalitchi, ndipo liwuli sindinalimvepo pakamwa pa munthu wina kupatula agogowo.

Kuti mumvetse chimene ndikukakamirira: agogo sanali oumira ngakhale pang'ono. Maliro akagwa m'mudzi, oyamba kufika ndi mtolo wa nkhuni anali iwo. Mzimayi akayamba kudwala pakati pa usiku, chitseko chogogoda chinali chawo. Dziko la Mozambique litalandira ufulu mu 1975 boma linatenga masukulu ndi zipatala za mishoni, kenako nkhondo inabwera, ndipo mu 1985 ansembe awiri a Chijezwiti, Bambo João de Deus Kamtedza ndi Bambo Sílvio Moreira, anaphedwa ku Chapotera. Mayi amandiuza kuti masiku amenewo anthu ankaopa ngakhale kuyimba mokweza, koma Lamulungu lililonse agogo ankasonkhanitsa amayi anzawo kuseri kwa nkhokwe n'kumatsogolera korona chonong'ona. Mu 1986 banja lonse linathawira mbali ya Dedza, ine ndili kumsana. Tinabwerera mu 1993 mtendere wa ku Roma utasainidwa pa 4 Okutobala 1992, n'kupeza minda yasanduka tchire. Ana awiri amasiye amene anabwera nawo kuchokera kumsasa wa othawa nkhondo anakulira m'nyumba mwathu mpaka anakwatira, ndipo ine ndinakula ndikuyesa abale anga enieni.

Munthu wotere angakonde bwanji mwambi wonyoza osauka? Ndiye mfulu ndi chiyani kwenikweni?

Mnyamata wa ku Moatize:
Ine ndimayesa ndi fulu, kamba uja! Ndimati mwina mwana wa fulu ngwaulesi, amangodikira. Pepani ndi maliro achemwali.

Mphunzitsi wopuma ntchito, ku Ntcheu:
Iwe wa ku Moatize, fulu ndi wa chigoba, mfulu ndi munthu. Kachilembo kamodzi kameneko usakataye.

Mwanawe, mfulu ndi munthu amene si kapolo. Ufulu umene mumaukumbukira pa 25 Juni uja tsinde lake ndi lomweli. Masiku ano liwuli lazilala chifukwa mnzake woyenda naye, kapolo, sitikumuonanso m'midzi. Koma dera lanulo linauona ukapolo ndi maso. Angoni a Maseko atakhazikika ku Domwe ankagwira anthu pankhondo n'kuwaika m'midzi yawo, ndipo kumunsi m'mbali mwa Zambezi eni maprazo, minda ikuluikulu ya nthawi ya Apwitikizi, ankasunga Achikunda, amene poyamba anali akapolo onyamula mfuti. Choncho makolo ankadziwa bwino kusiyana kwa anthu awiriwa. Kapolo alibe nkhokwe. Ngakhale mtima wake utafuna, sangatape chimanga n'kupatsa mlendo, chifukwa n'chamwini. Mfulu amatapa osafunsa munthu. Ndiye mwambiwu ukuti wobadwa bwino, woleredwa pakhomo pa ulemu, sachita kukumbutsidwa kuti mnzake ali ndi njala.

Mayi wogulitsa kachewere pa Tsangano:
Aphunzitsi mwalongosola bwino, koma ine ndili mbali ya amalumewo. Mwambi umenewu ine ndaumva kambirimbiri, ndipo nthawi zonse wounena ndi amene ali nazo, akuuza amene alibe kuti atseke pakamwa. Apongozi anga ankaukonda zedi. Ukati ndigawireniko mchere, yankho lake linali lomwelo, patsepatse n'kulanda, ndipo mcherewo sunkabweranso. Nanga ukadikira kuti mfuluyo apatse yekha, iye osakuona, ana agone ndi njala? Pajatu wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Pamanda lembani zina, vesi kaya.

Katekisiti, ku Ulongwe:
Amayi a ku Tsangano akunena zoona kuti anthu amaugwiritsa molakwika, koma mpeni ukacheka mwana sitiutaya kudzala. Ndiwonjezereko pa zimene anena aphunzitsi. Ife tikukula, akuluakulu akati "uje ngwaufulu" sankanena za ndale ayi, ankatanthauza kuti ngoolowa manja. Liwu limodzi linkanyamula zonse ziwiri, kusakhala kapolo ndi kupatsa, ngati kuti kwa iwo chinali chinthu chimodzi. Mukafuna kuliona litalembedwa, tsegulani Agalatiya 3:28 m'Baibulo lakale la Chinyanja, kapolo ndi mfulu ali moyandikana pamenepo.

Funso langa kwa mwini nkhani ndi ili: agogowo mwambiwu ankauza ndani? Wopempha, kapena inu a m'nyumba? Yankho lagona pamenepo.

Mwini nkhani:
Bambo katekisiti, funso lanu landisoweka tulo. Ndakumbukira ndithu, sindinawamvepo akuunena kwa munthu wobwera kudzapempha. Ankatiuza ife.

Chaka china titangobwerera, ndili ndi zaka mwina 9, kunali njala ya mwezi wa Febuluwale, chimanga chili m'munda chosakhwima, m'nkhokwe mutayera. Kumapeto kwa mudzi kunali mayi wina amene amuna awo sanabwerere ku nkhondo. Tsiku lina chakumadzulo agogo anaima pakhonde n'kuyang'ana kumeneko nthawi yaitali. Kenako anati, "Lero ndi tsiku lachiwiri utsi sunatuluke pakhomo paja." Analowa m'nyumba, anatapa ufa wa mgaiwa m'nsengwa, pamwamba n'kuikapo kamfutso ka nkhwani, anaphimba ndi chitenje chakale n'kundisenzetsa. Anandilangiza kuti ndidikire kaye kude, ndidzere njira ya kudimba osati ya pakati pa mudzi, ndipo ndikafika ndikanene kuti, "Agogo akuti akubweza ufa uja anabwereka."

Ine ndi kamwa langa ndinati, "Koma agogo, munabwereka liti?" Anandikoka khutu, osati mopweteka, n'kunena mwambi uja. Anawonjezera kuti ukadikira mpaka munthu wamkulu adzagwade pakhomo pako, wamulanda kale ulemu wake, ufawo ukungomulipira.

Ndinapita. Mayi aja analandira ndi manja awiri, anayang'ana pansi, n'kunena kuti, "Ukawauze kuti sanachedwe nawo." Onse awiri ankadziwa kuti panalibe ngongole. Nsengwayo inabwerera mwezi wa Meyi muli mtedza.

Ndafunsanso mayi pafoni m'mawa uno. Akuti agogo khalidwe limeneli linakula kumsasa. Kumeneko chakudya chinkabwera pa khadi, umaima pamzere dzuwa lonse kudikira ufa, nandolo ndi timafuta, mayina akuitanidwa mokweza. Akuti agogo ankathokoza, sananyozepo thandizolo, koma pobwerera kumzere sankalankhula ndi munthu mpaka madzulo. Munthu amene anazolowera nkhokwe yakeyake, lero akutambasula thumba kwa mwana wamng'ono wonyamula kaundula. Akuti ndi pamene anayamba kunena kuti akadzabwerera kwawo, palibe amene adzanene "ndipatseni" pakhomo pawo, iwo adzayamba ndiwo kuona.

Mayi wogulitsa kachewere pa Tsangano:
Iii, ndiye agogo anuwo anali ena. Apongozi anga anagwira mutu wa mwambi, agogo anu anagwira mchira wake. Komabe ndikuti wodutsa pamanda sadzaidziwa nkhani ya nsengwayo. Adzangowerenga patsepatse n'kulanda basi.

Mphunzitsi wopuma ntchito, ku Ntcheu:
Kutanthauzira kwa agogowo, koti wolandayo ndi wopatsa mochedwa, ine sindinakumvepo. Mmene ndimaudziwira, wolanda ndi wopempha mokakamiza uja, amene sakupatsa mpata woti upereke mwa kufuna kwako. Koma sindingati analakwa. Iwo anaima pamzere wa ufa, ine ndinkangodutsa pa njinga popita kusukulu, ndikuona mizere imeneyo ku Biriwiri ndi ku Lizulu. Zaka zimenezo othawa nkhondo m'Malawi anafika pafupifupi 1 miliyoni, ndipo kuno malire ake ndi msewu chabe, ambiri anali abale athu omwe.

Mukalemba, kumbukirani kuti ndi "wa mfulu", mawu awiri. Amisiri a ziliza amakonda kuphatikiza, ndipo m akasowa mudzakhala mutaika kamba wa mnyamata wa ku Moatize uja pamanda pa agogo.

Mwini nkhani:
Zikomo nonse. Ndawaimbira amalume n'kuwawerengera zonsezi, mpaka mayunitsi anatha. Atamva za nsengwa anakhala chete, kenako anati iwonso anatumidwapo kangapo, koma iwo ankauzidwa kuti akanene kuti ndi mbewu yoti mayi awo asungiridwe. Sitinadziwe kuti aliyense wa ife anali ndi bodza lakelake lonyamula.

Tagwirizana kuti tilembe theka lomaliza lokha, "Mwana wa mfulu apatsa yekha." Amalume akuti theka loyambalo likhale la ife a m'nyumba. Mmisiri akuti amalipiritsa pa chilembo chilichonse, ndiye mlamu wanga wosunga ndalama za msonkhano wavomereza msanga kuposa aliyense. Loweruka ndikukwera basi ya ku Ulongwe kuti ndikaime pomwepo akamalemba, ndione m uja ndi maso anga.