Wantchito wamba akonzekere bwanji kupuma pantchito kuno kuchigwa cha Shire?

Wa ku Nchalo:
Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Tinene munthu wa zaka 45, ntchito yake ndi yamanja, amalandira K200,000 pamwezi, akukhala m'nyumba ya kampani, ana adakali pasukulu, kumudzi nakonso maso ali pa iye. Pa pepala la malipiro pamaoneka kuti akudulidwa ya penshoni. Kodi ndalama imeneyi ingadzamusunge akadzapuma? Ngati singakwane, ayambire pati, poti malipiro amatha mwezi usanafike n'pakati pomwe?

Kalaliki wa malipiro:
Achimwene, tiyambe ndi masamu. Lamulo limati wantchito azidulidwa 5 peresenti, olemba ntchito aziwonjezerapo 10 peresenti. Pa K200,000 ndiye kuti K10,000 yanu ndi K20,000 yawo, pamodzi K30,000 pamwezi, K360,000 pachaka. Pa zaka 15 zatsala kuti mufike 60, imeneyo ndi K5,400,000, osawerengera phindu limene ipange ndi yomwe yasonkhana kale. Ikumveka yambiri, koma kumbukirani kuti kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023. Ndalama ya papepala siikwera limodzi ndi thumba la chimanga. Ndiye yankho lachidule n'lakuti payokha siingakusungeni.

Chofulumira kuchita sabata ino: funsani ku ofesi dzina la kampani yomwe imasunga penshoni yanu ndi nambala yanu ya umembala, mukapemphe sitetimenti. Muyerekeze mwezi ndi mwezi ndi mapepala anu a malipiro. Vuto lalikulu ndi mabwana amene amadula ndalama koma osakaipereka. Pa pepala la malipiro zimaoneka bwinobwino, munthu n'kudzazindikira tsiku lopuma kuti zaka zitatu mulibemo. Mukapeza mipata, lembani kalata kwa olemba ntchito, musunge kope. Akapanda kukonza, dandaulo limapita kwa Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank of Malawi.

Muonenso dzina ndi tsiku lobadwa. Zikasiyana ndi za pa chiphaso cha unzika, ndalama imachedwa kutuluka. Ambiri analowa ntchito ndi zaka zongopeka, ena ndi dzina la amalume awo. Fomu ya odzalandira ndalama mukamwalira muikonzenso mukakwatira, mukabereka mwana kapena banja likatha, chifukwa pamakhala mikangano yoopsa mafomu akale akatchula munthu wina pomwe ana ali kwina.

Lamulo la 2023 limalola kutenga theka la ndalama nthawi imodzi popuma, kale inali 40 peresenti. Yotsalayo imabwera pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi. Linafupikitsanso nthawi yodikira ntchito ikatha, kuchoka pa miyezi 6 kufika pa itatu. Apa m'pamene anthu amadzipweteka: ntchito ikangotha n'kukatapa, akapeza ina n'kuyambiranso pa ziro. Ngati mungapirire, isiyeni, imakutsatirani kuntchito yatsopano.

Mmisiri wa ku Ngabu:
A kalaliki anena zoona, koma ine ndikuti nkhani yaikulu m'funso lanu ndi nyumba ya kampaniyo. Tsiku lopuma mumabweza makiyi. Amene amadikira ndalama ya penshoni kuti adzamangire amayamba ndi lendi, theka lija n'kuthera m'njerwa, nyumba n'kuima pa lintala.

Malo kaye, ndipo akhale okwera. Musafunse wogulitsa, funsani oyandikana nawo kuti madzi a 2015, a namondwe Ana mu 2022 ndi a namondwe Freddy mu 2023 anafika pati. Onaninso zipsera za matope pamakoma ndi pamitengo. Malo otchipa m'mbali mwa Shire, Mwanza kapena Ruo ndi a dimba, osati ogonapo nkhalamba yomwe singathe kuthawa usiku. Pogula pakhale amfumu, mboni za kubanja la wogulitsa ndi pepala losainirana. Ngati mukumanga kuchikamwini, kambiranani poyera kuti nyumbayo idzakhala ya yani wina akatsogola.

Dothi lakuda la makande, ngati la kuno, limafufuma kukagwa mvula, n'kung'ambika m'chilimwe. Fandeshoni yosaya imasweka nalo limodzi. Kumbani mpaka mupeze polimba, ndipo pansi pa nyumba pakwere pafupifupi theka la mita kuchoka padothi. Mizere ya m'munsi ikhale ya njerwa zootcha zomangira simenti. Zidina zomangira matope zimasungunukira pansi madzi akaima ngakhale tsiku limodzi, khoma n'kukhala pansi. Ndalama ikachepa, chepetsani pa pulasitala, osati pa fandeshoni.

Kagulidwe kake: malata muzigula awiriawiri kapena atatu pa malipiro aliwonse, saonongeka mukawasanja pouma. A geji 28 ndi olimba kuposa a 32, omwe mphepo imawapinda. Simenti musasunge, ikadutsa miyezi itatu imayamba kuuma m'thumba momwemo; mugule mmisiri atafika. Mitengo ya denga muipake mankhwala a chiswe. Zipinda ziwiri ndi pabalaza n'zokwana, denga likwere ndipo mazenera ayang'anizane, kutentha kwa October kuno simasewera. Nyumba ya zipinda zisanu ya munthu wa K200,000 sitha, ndipo ana omwe mukuwamangirawo adzakhala atapita.

Mayi a ku Bangula:
Bambo, nyumba simudya. Pafunikanso chokupatsani ya sopo ndi ya mankhwala, chifukwa m'dziko muno mulibe penshoni ya boma ya wokalamba aliyense, ndipo Mtukula Pakhomo amasankha mabanja ochepa ovutikitsitsa.

Kuno aliyense amathamangira ng'ombe. Kwa wolandira pang'ono ine ndimati ayambe ndi mbuzi. Mbuzi imatenga bere miyezi isanu, ng'ombe isanu ndi inayi, ndipo fizi ikafunika mumagulitsa mbuzi imodzi, osati chuma chonse. Ng'ombe imodzi ikabedwa kapena kufa, zaka zanu zapita. Komanso kukabuka matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi boma limatseka misika ya ziweto, ndiye musadalire ziweto zokha. Yambani ndi zazikazi zitatu, tonde mungabwereke. Khola likhale lam'mwamba, mankhwala a njoka za m'mimba mvula ikamayamba ndi ikamatha. Mukazisungitsa kwa m'bale, muwerengere limodzi pamaso pa mboni, mugwirizane kuti iye azitenga mwana wachingati. Popanda zimenezo chaka chilichonse muzingomva kuti fisi wagwira.

Za ndalama yothera pakati pa mwezi: yosunga ichoke tsiku lolandira lomwelo, ngakhale K10,000, ipite ku SACCO (bungwe losunga ndi kubwereketsa ndalama) kapena ku banki mkhonde. Ku banki mkhonde muonetsetse kuti bokosi lili ndi maloko atatu, makiyi ali ndi anthu osiyana, ndipo ndalama imawerengedwa poyera. Pogawana kumapeto kwa chaka, isanduke malata kapena mbuzi sabata yomweyo, isadikire Khrisimasi. Katapila ndiye muthane naye kaye musanayambe china chilichonse. Munthu amene khadi lake la kubanki lili m'thumba mwa wina sangasunge kanthu. Abale nawo muwaikire mlingo wa pamwezi, audziwe. Kukana zonse simungathe, tonse tikudziwa.

Wa ku Nchalo:
Zikomo nonse. Nanga odula nzimbe ndi ena a ntchito za nyengo, omwe amalembedwa chaka ndi chaka?

Kalaliki wa malipiro:
Amenewo awerenge kontrakiti, kapena afunse a yuniyoni, ngati ali pa penshoni kapena pa gratuity yolandira kontrakiti ikatha. Ngati ndi gratuity, palibe chikusonkhana kwina kulikonse, ndiye zomwe anena mayiwa ndi a mmisiri ndiyo penshoni yawo. Makontrakiti ndi mapepala a malipiro a nyengo iliyonse asungidwe m'pulasitiki, pamalo okwera, chifukwa pakabuka mkangano ku ofesi ya zantchito ku Chikwawa kapena ku Nsanje amafunsa mapepala.