Chidole changa chikuseketsa anthu pamalo pofunika chisoni

Moni nonse a m'gulu lino, makamaka akuluakulu amene munachitapo zisudzo za zidole.

Ndili ku Mbare, muno mu Harare. Ine ndi anzanga tikukonza kasewero kakafupi koonetsa mu holo yaing'ono, moti owonera amakhala pafupi kwambiri. Nkhani yake ndi ya gogo amene anachoka ku Nyasaland m'zaka za m'ma 1950 kudzagwira ntchito ku Salisbury (dzina lakale la Harare), n'kutchona. Gogoyo ndi chidole chofika m'chiuno. Mutu ndinaumba ndi nyuzipepala zomata ndi phala la fulawa, jekete ndinagula pa kaunjika ku Mupedzanhamo.

Vuto ndi ili: gogo akamatsegula kalata ya maliro a mlongo wake, anthu amene timawaitana poyeserera amangofa ndi phwete. Ana ndiye musanene.

Zingwe ndinachotsa chifukwa zinkakolana, ndinaika timitengo m'mikono. Ndinaoneranso pa YouTube zidole za bunraku za ku Japan, zimene chimodzi amachigwira anthu atatu. Titayesa, owonera ankangoyang'ana ifeyo. Magetsi tinazimitsa n'kutsala ndi tochi, koma phwete silinathe. Wina akuti ndipente misozi pamasaya, ine ndakana: gogo angamalire kuyambira pachiyambi?

Ndikuganiza kuti khosi lauma, chifukwa mutu umagwa kamodzin'kamodzi ngati wa munthu wosinza pa kombi.

Khosi ndipange ndi chiyani kuti mutu uziwerama pang'onopang'ono? Nanga chidole mumachipumitsa bwanji, kuti mapewa azikwera ndi kutsika? Ngati alipo muno mu Harare wodziwa ntchitoyi, chonde ndithandizeni, chidolecho ndibwera nacho ndekha.