Tabwerako ku Zermatt, zikomo nonse amene munandiyankha

Mwezi wa Meyi ndinafunsa ngati kuli bwino kunyamula njinga yanga popita ku Zermatt, ku Switzerland, kapena kukabwereka komweko. Zikomo kwambiri nonse amene munandiyankha, makamaka achimwene amene munati ndiyambe ndayenda wapansi masiku awiri kuti thupi lizolowere mpweya wa kumapiri.

Ndinamvera. Njinga ndinakabwereka komweko, ndipo ulendo unapepuka, poti galimoto sizilowa m'tauniyo. Zimatsala ku Täsch, anthu n'kukwera sitima. Tsiku loyamba tinayenda njira ya nyanja zisanu kuchokera ku Blauherd. Pa Stellisee, imodzi mwa nyanjazo, madzi anali phee, phiri la Matterhorn likuonekera m'madzimo ngati pagalasi. Ndinakhala pamwala nthawi yaitali, osafuna kunyamuka.

Tsiku lachitatu tinakwera sitima mpaka ku Gornergrat, mamita 3,089, kuposa Sapitwa wathu pang'ono, n'kutsika pa njinga. Zala zinachita dzanzi ndi mabuleki, koma ndinafika bwinobwino.

Amene mukupita, muzilawirira. Mu Julayi mvula ya mabingu imakonda kugwa masana. Ife inatipeza cha m'ma 3 koloko, jekete nditaisiya kuchipinda, ndipo ndinanjenjemera mpaka kutauni. Pobwereka njinga mupemphenso chisoti, ndipo mabuleki muwayese musanachoke pashopu.