Kodi nyimbo za rock zosadziwika kwambiri ndizisankhe bwanji pa pulogalamu ya Loweruka lililonse?

Woulutsa wa ku Chinamwali analemba kuti:

Moni nonse. Ndimathandiza kuulutsa mawu pa wailesi ina ya m'dera kuno ku Zomba, ndipo akuluakulu a mapulogalamu andipatsa mphindi 15 Loweruka lililonse madzulo, mkati mwa pulogalamu ya nyimbo zakunja, kuti ndiziikamo nyimbo za chamba cha rock zimene anthu sanazimvepo kapena anazimva kamodzi n'kuziiwala. Ndinavomera ndi manja awiri, koma pokonza ndandanda ya miyezi yoyambirira ndaona kuti ntchitoyi ndi yolemera ndithu.

Omvera athu ali m'magulu awiri osiyana kwambiri. Pali ophunzira a ku yunivesite amene amakhala ku Chikanda ndi madera ozungulira, omwe intaneti ili m'manja mwawo ndipo nyimbo zotchuka za magulu a ku England ndi ku America anatopa nazo kalekale. Palinso anthu a ku Jali, ku Thondwe, ku Songani mpaka ku Kachulu, amene amatimvera pa kawailesi ka mabatire kapena pa foni ya mabatani, ndipo kwa ambiri a iwo rock yonse ndi yachilendo, moti ena amangoitcha phokoso la azungu. Nyimbo imene wophunzira angaitamande kuti ndafukula chinthu chobisika, ikhoza kuchititsa mlimi wa ku Jali kupotokola wailesi yake n'kupita kwina.

Ndiye ndikupempha nzeru kwa inu amene mumazidziwa nyimbozi: ndiyambire kuti, ndipo ndiziyang'ana chiyani posankha? Komanso mu mphindi 15, kodi ndi bwino kuika nyimbo zitatu ndi mawu ochepa, kapena nyimbo imodzi yokha n'kufotokoza mbiri yake mofatsa?

Mphunzitsi wopuma wa ku Domasi anayankha kuti:

Zikomo achimwene chifukwa cha funso labwinoli. Langizo langa ndi lakuti musayambire kutali. Musanawoloke nyanja kupita ku London, tangowolokani malire a ku Mchinji, chifukwa anansi athu a ku Zambia anaimba rock yamphamvu kwambiri m'zaka za m'ma 1970, imene masiku ano imadziwika ndi dzina loti Zamrock, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti achinyamata a ku Ulaya akuidziwa bwino kuposa ana athu kuno.

Zinthu zingapo zinakumana kuti nyimbozi zibadwe. Migodi ya kopa ya ku Kitwe ndi ku Ndola inkabweretsa ndalama, achinyamata ankatha kupeza magitala amagetsi ndi zimbale zakunja, ndipo cha pakati pa zaka zimenezo Pulezidenti Kenneth Kaunda analamula kuti pafupifupi nyimbo zonse zoulutsidwa pa wailesi ya boma zikhale za m'dzikomo. Lamulo limeneli linatsegulira khomo magulu amene poyamba ankangotengera nyimbo za azungu kuti ayambe kupeka zawozawo. Gulu la WITCH, limene woimba wake wamkulu ndi Emmanuel Chanda, wodziwika kuti Jagari potengera dzina la Mick Jagger, woimba rock wotchuka wa ku England, linatulutsa chimbale cha Lazy Bones!! mu 1975. Chaka chomwecho gulu la Amanaz la ku Kitwe linatulutsa chimbale chake cha Africa, chimene chili ndi nyimbo zofatsa zoyenera madzulo. Panalinso Rikki Ililonga ndi gulu la Musi-O-Tunya, komanso Paul Ngozi ndi gulu lake la Ngozi Family, amene gitala wake ankalira mosasa ngati wakwiya. Mtengo wa kopa utagwa ndalama zinasowa, nyimbo za disco ndi kalindula zinalanda malo, ndipo m'zaka za m'ma 1980 oimba ambiri a m'badwo umenewo anamwalira. Paul Ngozi anatisiya mu 1989.

Chimene ndikukulozerani kumeneku si mbiri yokha ayi, koma chilankhulo. Zina mwa nyimbozi zinaimbidwa m'Chinyanja ndi m'Chibemba, makamaka za Paul Ngozi, ndipo munthu wa ku Jali akamva mawu amene amayankhula pakhomo pake akuimbidwa pamwamba pa gitala wosasa uja, sanganenenso kuti ndi phokoso la azungu. Amayamba watchera khutu ku mawu, kenako khutu limazolowera gitala lokha. Wophunzira wa ku Chikanda nayenso mudzamupeza, chifukwa ngakhale ali ndi intaneti, ndi ochepa amene anayamba aganizapo zofufuza rock ya ku Copperbelt, dera la migodi ya kopa lija. Kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inasindikizanso zimbale zambiri za nthawi imeneyo, ndipo mu 2017 inasonkhanitsa nyimbo za magulu osiyanasiyana m'zimbale ziwiri zotchedwa Welcome to Zamrock!, zimene zingakupatseni poyambira pabwino.

Mukatha za ku Zambia mungatsikire ku Bulawayo, kumene gulu la Wells Fargo linkaimba rock pa nthawi ya nkhondo yomenyera ufulu, kenako ku Nigeria kumene kunali magulu monga Ofege ndi BLO.

Mwina omvera anu adzafunsa kuti nanga ife kuno tinali kuti. Ndi bwino kuwakumbutsa kuti pa nthawi imeneyo wailesi inali imodzi yokha, ya MBC, kuti kuyambira mu 1968 kunali lamulo lounika mabuku, mafilimu ndi nyimbo zisanafike kwa anthu, ndiponso kuti mwamuna wosunga tsitsi lalitali ankatha kumetedwa mokakamiza. M'dziko lotero, mnyamata wofuna kuoneka ndi kuimba ngati Jagari analibe poponda. Luso la gitala linalipo ndithu, monga aliyense amene anamvapo a Daniel Kachamba angavomereze, koma linatsata njira ina.

Wazamakina wa mu situdiyo anayankha kuti:

Bambo a ku Domasi anena za kumene mungakatole nyimbo, ndipo ine ndiwonjezerepo za mmene nyimbozo zimamvekera zikatuluka mu situdiyo, popeza nyimbo yokoma m'mahedifoni si nthawi zonse imene imakoma pa wailesi.

Omvera anu ambiri ali ndi sipika imodzi yokha, yaing'ono. Nyimbo zambiri za kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 zinajambulidwa mwa njira yakuti ng'oma zili mbali imodzi pamene mawu kapena gitala zili mbali inayo, ndipo ngati waya wina mu situdiyo ukutumiza mbali imodzi yokha, omvera amalandira nyimbo yopanda woimba. Choncho nyimbo iliyonse imene mwaisankha, muziyamba mwaimvera pa sipika ya foni, mutaiika patebulo, fani ikuzungulira ndipo anthu akuyankhula pafupi. Mukaona kuti besi yasoweratu ndipo chatsala ndi kuswa kwa zitsulo za ng'oma basi, nyimbo imeneyo muisiye ngakhale mutaikonda chotani, chifukwa ndi mmene idzamvekere m'minibasi ya ku Liwonde.

Samalaninso ndi nyimbo zimene zimayamba mwakachetechete kwambiri. Oimba ena a rock ankakonda kuyamba ndi gitala wapansipansi kwa mphindi yathunthu asanalowetse ng'oma, ndipo kuno kwathu wailesi ikangokhala zii kwa kanthawi, womvera amaganiza kuti magetsi azima ku situdiyo kapena mabatire ake atha. Nyimbo yotero muziyankhulira pamwamba pa chiyambi chakecho mpaka itakwera. Zina zimatalika mphindi 8 kapena 10, zimene pa nthawi yanu yochepayo ndi pulogalamu yonse. Ine ndinganene kuti nyimbo ziwiri za mphindi zosapitirira zinayi iliyonse, ndi mawu anu pakati, zimakwana bwino n'kutsalako mpata wowerenga mauthenga a omvera.

Pa nkhani ya kumene mukuzitenga, pewani mafayilo okopedwa kuchokera pa YouTube kapena otumizirana pa WhatsApp, chifukwa amakhala atafinyidwa kale, ndipo makina athu oulutsira akawafinyanso, gitala amamveka ngati akulirira m'madzi. Nyimbo za Zamrock zambiri zinajambulidwa ndi zipangizo zochepa, motero sizifuna kuzionjezera chilema china. Kugula pa Bandcamp, tsamba la pa intaneti logulitsa nyimbo, kapena malo ena ovomerezeka kumafuna khadi la kubanki lotha kulipira kunja, zimene si zapafupi masiku ano, koma chimbale chimodzi chosonkhanitsa magulu ambiri chikhoza kukusungani miyezi ingapo.

Musaiwale kulemba nyimbo iliyonse pa fomu imene imapita ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa nyimbo kuno kwathu: dzina la nyimbo, woimba, wopeka ndi nthawi imene yaulutsidwa. Oulutsa ambiri amadumpha danga la wopeka akaona kuti nyimbo ndi yakunja, komatu mabungwe oona za umwini wa nyimbo amagwirizana pakati pa mayiko, ndipo dzina likalembedwa molakwika ndalama sizipeza mwini wake. Mawu a nyimbo muziwawerenganso onse musanaiulutse. Chingerezi choimbidwa mokuwa chimabisa zambiri, ndipo dandaulo likapita ku MACRA, bungwe loyang'anira mawailesi, yoyankha mlandu ndi wailesi yonse.

Mayi wa ku Matawale anayankha kuti:

Ndawerenga mwachidwi zimene alemba Bambo a ku Domasi ndipo ndikugwirizana nawo pa zambiri, koma ndili ndi nkhawa imodzi. Pulogalamu ikangokhazikika pa zaka za m'ma 1970, omvera adzaganiza kuti rock ndi chinthu chimene chinafa, choyenera kukasungidwa ku nyumba yosungira mbiri yakale ya dziko ili kuno ku Zomba konkuno. Chikhalirecho chambachi chili moyo, ndipo ena mwa oimba gitala amphamvu kwambiri lero ali mu Africa momwe muno. Gulu la Tinariwen la Atuareg a kumpoto kwa Mali linalandira mphoto ya Grammy mu 2012. Ku Niger kuli Bombino ndi Mdou Moctar. Wachiwiriyu amaimba gitala ndi dzanja lamanzere, ndipo nyimbo zake zinayamba kufala m'chipululu cha Sahara kudzera mwa anthu otumizirana pa mafoni ndi pa memory card, monga momwe achinyamata athu amachitira m'timashopu toikira nyimbo. Nkhani ngati imeneyi womvera aliyense wa kuno angaimvetse popanda kumutanthauzira.

Ndikupemphaninso kuti musaiwale amayi. Anthu ambiri sadziwa kuti mmodzi mwa amene anayala maziko a rock anali mayi woimba nyimbo zauzimu, Sister Rosetta Tharpe wa ku America, yemwe ankaimba gitala wamagetsi m'zaka za m'ma 1940 achinyamata otchuka aja asanatulukire. Poti anthu athu ambiri ndi opemphera ndipo ena amakayikira rock kuti ndi ya mdima, kuwaikira nyimbo ya mayi ameneyu kungachotse mantha mofulumira kuposa kuwafotokozera kwa ola lathunthu.

Za magulu otchuka a ku England ndi ku America, sindikuona chifukwa chowatayira kunja. Kale nyimbo zinkatuluka pa timbale ting'onoting'ono tokhala ndi nyimbo imodzi mbali iliyonse, ndipo mawailesi ankangoika ya mbali yoyamba, pamene ya kuseri inkatsala osamvedwa ngakhale inali yabwino. Njira imene ndingakulangizeni ndi ya amayi ogulitsa tomato mumsika wa Zomba: munthu amabwera kudzagula mulu umene wauona, kenako amapatsidwa basera. Yambani ndi kachidutswa ka nyimbo imene anthu amaidziwa, ya masekondi 30 okha, kenako muwauze kuti gulu lomweli linaimbanso ina imene sanaimvepo. Mukatero omvera amakhala ndi pogwira.

Pa funso lanu lachiwiri, ine ndimakonda woulutsa amene amanena mfundo imodzi yokha yogwira mtima yokhudza nyimbo, osati kuwerenga mayina a oimba onse ndi zaka zawo zobadwa.

Woulutsa wa ku Chinamwali analembanso kuti:

Ndathokoza kwambiri nonse atatu. Ndaganiza kuti mwezi woyamba ndiziika nyimbo ziwiri, yoyamba ya ku Zambia ya m'Chinyanja ndipo yachiwiri ya kwina imene ikufanana nayo pa kaimbidwe ka gitala, kaya ndi ya ku Niger kapena ya kuseri kwa kachimbale ka gulu lotchuka, kuti omvera azidzimvera okha ubale wake. Mayi a ku Matawale, nkhawa yanu ndaimva, ndipo ndapeza kuti gulu la WITCH linayambiranso kuimba mpaka linatulutsa chimbale chatsopano cha Zango mu 2023, motero ndikhoza kuika yakale ndi yatsopano tsiku limodzi. Funso latsala ndi ili: mnzanga wina akuti ndipemphe omvera amene anasunga zimbale zakale m'nyumba zawo kuti azitibwereka. Kodi zimenezi n'zothandiza, kapena ndidziputira mavuto?

Wazamakina wa mu situdiyo anayankhanso kuti:

N'zothandiza, achimwene, makamaka kwa mabanja amene makolo awo anagwirapo ntchito ku Zambia, ku Zimbabwe kapena ku Joni ndipo anabwerako ndi zimbale m'masutikesi. Koma muyambe mwatsimikiza kuti muli ndi galamafoni yoyenda bwino ndi singano yatsopano, chifukwa singano yotha imakanda chimbale ndipo mwini wake sadzakukhululukirani. Chimbale chikabwera ndi fumbi, muchipukute ndi kansalu kofewa konyowetsa ndi madzi oyera, motsata mizere yake mozungulira, osati ndi parafini kapena sopo wochapira zovala, ndipo muchiumitse pamthunzi chitaimirira, popeza dzuwa limachipinda. Mukatero muchijambulire mu kompyuta tsiku lomwelo n'kuchibweza, ndipo pochilandira muzilemba m'kabuku dzina la chimbale, mmene chinalili pobwera ndi tsiku lochibweza, mwini wake n'kusainira. Amene akukhala kutali, monga ku Mayaka kapena ku Chingale, muwauze ayambe atumiza chithunzi cha chikuto pa foni kuti muone ngati ndi rock, asanawononge ndalama ya minibasi kubweretsa chimbale cha nyimbo za country.