Makina oswera nshawa: tilembetse patent kapena tikonze za msika wa kunja?

Mlembi wa gulu, Chipata:

Moni nonse, makolo athu, amai ndi abambo amene muli kuno kumudzi ndi inu amene muli kutali pa ntchito. Wapampando andituma kuti ndiike pano nkhani imene inatsala pa msonkhano wa mwezi watha, kuti amene sanafike nawonso alankhulepo tisanatulutse ndalama m'thumba la gulu. Monga mukudziwa, mnyamata wathu wowotcherera zitsulo uja wapanga makina oswera nshawa opukusa ndi manja, ndipo amai a m'kalabu amene anawayesa akuti nshawa zambiri zikutuluka zathunthu, kusiyana ndi makina amene anagula m'tauni. Maganizo alipo awiri. Ena akuti tilembetse makinawa ku PACRA, ofesi ya boma la Zambia yolembetsa makampani ndi luso latsopano, kuti akhale ndi patent, chikalata choletsa ena kutengera luso la munthu, kenaka tikapemphe thandizo ku NTBC, bungwe la boma lothandiza kuti luso latsopano lifike pa msika, kuti apangidwe ambiri. Ena akuti ndalamazo zipite pa shedi yoyanikira ndi kusankhira nshawa, kuti kalabu iyambe kugulitsa kunja kwa dziko mothandizidwa ndi ZDA, bungwe la boma lolimbikitsa malonda a kunja. Ndalama zimene tili nazo sizingakwanire zonse ziwiri chaka chino.

Membala wokhala ku Lusaka:

Zikomo a Mlembi. Ine ndili kumbali ya patent. Lamulo la ma patent la 2016 limapatsa mwini luso zaka 20 zimene munthu wina sangapange kapena kugulitsa chinthucho m'dziko muno popanda chilolezo chake, ndipo ngati tifuna kuti chitetezocho chifike ku Malawi ndi ku Mozambique, njira ilipo kudzera ku ARIPO, bungwe la mayiko a mu Africa lolembetsa ma patent, limene likulu lake lili ku Harare ngakhale kuti pangano lolikhazikitsa linasainidwa kuno ku Lusaka mu 1976. Chimene chikundidetsa nkhawa ndi nthawi. Patent imaperekedwa pa chinthu chatsopano chimene sichinaululidwe poyera, koma ndamva kuti ena akufuna kukaonetsa makinawa ku chionetsero cha zaulimi ndi kuika zithunzi zake pa Facebook. Tonse tikudziwa kuti owotcherera athu ali ndi maso akuthwa, amaona chinthu m'mawa, madzulo chawo chili pa msika. Mwana wa kwathu wavutika nazo yekha, ndipo sikungakhale chilungamo kuti thukuta lake lidyetse anthu ena.

Mlangizi wa zaulimi wopuma, kumudzi:

Mwana wanga wa ku Lusaka, mtima wako ndaumva ndipo ndi wabwino, koma undilole ndikufunse monga munthu amene wakalambira m'minda ya nshawa. Makinawa ndinapita kukawaona ndi maso anga. Ndi abwino, ndipo mnyamatayo ali ndi manja odala, koma makina opukusa oswera nshawa sanayambe ndi iye. Alipo ena oumbidwa ndi simenti amene Jock Brandis wa ku Canada anapangira alimi a ku Mali, ndipo iyeyo anawasiya dala opanda patent kuti aliyense atengere. Ofufuza pempho lathu adzayerekeza makina athu ndi onse otere a padziko lonse lapansi, osati ndi a m'Chipata muno okha. Chatsopano mwina ndi kasefa kamene mnyamatayo wakonza kuti kazisinthika malinga ndi kukula kwa nshawa, ndipo chimenecho chingayenere satifiketi yaing'ono ya utility model, osati patent yonse. Komanso patent si mlonda. Imafuna kulipiridwa chaka ndi chaka, ndipo munthu akakubera luso, boma silimuthamangitsa, mwini wake ndiwe uyenera kulemba loya ndi kupita naye kukhoti. Kodi gulu lathu lidzasumira wowotcherera wa ku Katete chifukwa cha makina amene mtengo wake sufika pa malipiro a loya a tsiku limodzi?

Tsono ndinene za nshawa zenizenizo, pakuti vuto lathu lili pamenepo. Ife akale tikukumbuka pamene nshawa za mtundu wa Chalimbana za kuno kum'mawa zinkapita ku Ulaya, ndipo Eastern Cooperative Union inkagula, kusankha ndi kutumiza. Msika umenewo sunatayike chifukwa chosowa makina oswera. Dongosolo logulira mbewu linagwa pamene malonda anamasulidwa kuyambira 1991, ndipo ogula a kunja anakhwimitsa malamulo a aflatoxin, poizoni wochokera ku chuku chimene chimamera pa nshawa zosauma bwino. Mayiko a European Union salola nshawa zodya zimene poizoniyu wapitirira magawo 4 pa biliyoni, ndipo muyezo wa Codex, wa zakudya wa padziko lonse, pa nshawa zokakonzedwanso ndi magawo 15. Poizoniyu saoneka ndi maso, ndipo kukazinga sikumuchotsa. Mu 2024 tonse tinamva za agalu ambirimbiri amene anafa m'dziko muno chifukwa cha poizoni yemweyu m'chimanga, mpaka ufa wina unachotsedwa m'masitolo.

Pa chifukwa chimenechi makina a mnyamatayu ndikuwaona ofunika, koma osati monga katundu wotsekera m'bokosi. Amai athu amawaza madzi pa nshawa kuti makoko afewe poswa ndi manja, pakuti zala zimatupa, ndipo ena amawazanso kuti thumba lilemere pa sikelo. Madzi amenewo ndiwo amaitana chuku. Makina akakhala m'mudzi uliwonse, chifukwa chowazira madzi chimachepa. Ndiye ine ndikufuna makinawa achuluke msanga ndi kutsika mtengo, ngakhale owapanga atakhala khumi. A ku Msekera, malo ofufuzira zaulimi a ku Chipata, anatulutsa mitundu ya nshawa ya MGV4 ndi MGV5, ndipo phindu la mbewu zimenezo linaoneka chifukwa zinafalikira m'midzi.

Mai wochita malonda odutsa malire, Mwami:

Atate alangizi anena zoona pa za chuku, koma za msika wa kunja mundilole ndilankhulepo ine amene ndimayenda msewu umenewu sabata iliyonse. Amene akuganiza kuti tidzagulitsa nshawa ku Malawi ayambe abwera pa malire a Mwami adzaone kumene matumba akulowera. Anzathu a ku Mchinji ndi ku Kasungu amalima nshawa zambiri, ndipo chichepetsereni mphamvu ya kwacha yawo mu November 2023, kuwagulitsa katundu n'kovuta, chifukwa ndalama imene ungabwere nayo imasungunuka posintha. Ndondomeko ya amalonda ang'onoang'ono ya COMESA (mgwirizano wa malonda wa mayiko a kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa), imene imalola katundu wosapitirira madola 2,000 kudutsa ndi mapepala ochepa, inatithandiza ndithu ife azimai, ndiponso kuphatikiza maofesi a mayiko awiri pamalo amodzi kwachepetsa kudikira. Koma chipata chotseguka si wogula. Ogula nshawa enieni ali ku Congo kudzera pa Kasumbalesa, ndi kum'mwera kudzera pa Chirundu, ndipo amenewo amafuna lole yodzaza, ya mtundu umodzi, yokhala ndi chilolezo cha unduna wa zaulimi ndi satifiketi yosonyeza kuti mbewu ilibe matenda. Kalabu yathu sinadzazepo lole ngakhale kamodzi. Chaka china ndinalembetsa ku maphunziro a otumiza katundu kunja, tinakhala mu hotela masiku atatu, tinalandira masatifiketi ndi kujambulitsa, koma mpaka lero sindinatumize ngakhale thumba limodzi chifukwa cha maphunzirowo. Komabe ndikukhulupirira kuti dzina langa linawerengedwa pakati pa anthu amene anathandizidwa.

Mphunzitsi wa zachuma, Kitwe:

Amai a pa Mwami, mawu anu omalizawo ndiwo akhudza chimene ndakhala ndikufuna kunena. Tikukangana za patent ndi za msika wa kunja ngati kuti tikudziwa kale kuti ndondomeko za boma zimenezi zimapindulitsa anthu onga ife, pamene sitinagwirizane n'komwe za mmene phindulo tidzalidziwire. Ofesi iliyonse imawerenga zimene n'zosavuta kuwerenga: ma patent angati alembetsedwa, anthu angati aphunzitsidwa, zilolezo zingati zaperekedwa. Manambala amenewa amasonyeza kuti ofesiyo inagwira ntchito, koma sasonyeza kuti mlimi wa kwathu anagula malata. Ngakhale chiwerengero cha ma patent chimanyenga, chifukwa m'mayiko ambiri a mu Africa gawo lalikulu la mapempho limachokera ku makampani akunja amene akuteteza katundu wawo pa msika wathu, osati kwa amisiri a m'dzikomo.

Funso lenileni ndi lakuti, chikanachitika n'chiyani thandizolo pakanapanda? Ngati mnyamata wathu akanapanga ndi kugulitsa makina ake ngakhale popanda patent, ndipo umboni ndi wakuti wawapanga kale, ndiye kuti patent sinabale luso, yangowonjezera ndalama zotuluka. Chimodzimodzi ndi malonda a kunja. Nshawa zimene kale zinkadutsa pa njira za zalewa usiku zikayamba kudutsa pa geti ndi mapepala, mabuku a boma adzasonyeza kuti zotumiza kunja zakwera, pamene m'munda simunawonjezeke ngakhale mzere umodzi. Kudutsa pa geti n'kwabwino, chifukwa amai sabedwa ndiponso savutitsidwa m'tchire, koma phindu limenelo tilitchule ndi dzina lake, tisalitche kukula kwa ulimi.

Pali zinanso zimene zimasokoneza kuwerengera. Mtengo wa nshawa ukakwera chaka chimene tamanga shedi, tidzadziwa bwanji kuti yakweza ndi shedi, osati chilala monga cha 2024, kapena kugwa kwa kwacha? Njira imene tingaikwanitse ife ndi yoyerekeza. Tilembe mtengo umene amai a m'kalabu akulandira pa kilogalamu, tilembenso umene akulandira amai a m'midzi yoyandikana nayo imene ilibe makina kapena shedi, kuyambira tsopano tisanachite kanthu, ndipo tipitirize nyengo zitatu za kukolola. Mvula ndi kwacha zimagwera midzi yonse mofanana, choncho kusiyana kumene kudzatsale ndiko kudzakhale kwa ntchito yathu. Tilembenso amene adzataye, pakuti pali amai amasiye amene amapeza ya sopo ndi ya mchere pa ganyu yoswa nshawa, ndipo makina akafika ganyuyo idzatha. Ndondomeko imene yalemeretsa wogula wa m'tauni n'kusiya amenewa manja ali m'khosi sitinganene kuti yatukula mudzi.

Tikumbukirenso kuti boma lomwelo limene limalimbikitsa kutumiza kunja limatha kutseka chipata njala ikavuta, monga linachitira ndi chimanga. Ndi chifukwa chake sindikufuna kuti tsogolo lonse la kalabu likhale pa msika wa kunja wokha.

Membala wokhala ku Lusaka:

Atate alangizi ndi aphunzitsi, ndawerenga mofatsa ndipo za kukwera mtengo kwa milandu ndavomera. Koma sindikuvomera kuti mnyamatayu atuluke chimanjamanja. Tikamuuza kuti luso lake ndi la aliyense, achinyamata ena amene akumuona adzaphunzira kuti kuganiza sikulipira, ndipo kutaya kumeneko sikudzaoneka m'kabuku ka mitengo kamene aphunzitsi akunena. Ngati patent yatikulira, tiyeni tifunse mtengo wa utility model pa kasefa kaja tisanakane, ndipo mpaka yankho litabwera, zithunzi za m'kati mwa makinawo zisatuluke. Ndikupemphanso kuti tiganizire zolembetsa dzina la malonda. Kampani ya COMACO, imene imagulitsa chiponde cha dzina loti It's Wild!, sinakule chifukwa chotulukira chiponde, pakuti agogo athu ankasinja kalekale, koma anthu amagula It's Wild! chifukwa dzinalo amalikhulupirira. Dzina lolembetsedwa lingateteze makinawo ndiponso nshawa za kalabu, ndipo wolibera amaonekera poyera.

Mlangizi wa zaulimi wopuma, kumudzi:

Apo tagwirizana, mwana wanga. Dzina ndi labwino, malinga kumbuyo kwake kukhale pepala la ku labotale losonyeza kuti nshawazo zayezedwa. Dzina lopanda pepala limenelo lidzangothandiza ogula kudziwa amene ayenera kumupewa.

Msungichuma, Chipata:

Ine ndinene za thumba. Shedi sikuyenera kudya ndalama za gulu ngati tingaipemphe ku CDF (thumba la boma la chitukuko cha madera a aphungu), imene inakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu mu 2022, ndipo ili ndi gawo la makalabu a amai ndi achinyamata. Pempho limayambira ku komiti ya chitukuko ya wodi, ndipo limafuna kuti kalabu ikhale yolembetsedwa ndiponso ikhale ndi akaunti ku banki. Satifiketi ya kalabu yathu sindinaione chiyambire ntchito yanga, ndiye ndikupempha amene akuisunga aibweretse. Ndalama zathu zingagwire ntchito zing'onozing'ono zimene CDF siifulumira nazo: kugula makina atatu kwa mnyamatayu pa mtengo wake wonse osamunenerera, kuyezetsa nshawa za kalabu, ndi kugula sikelo yathuyathu kuti manambala amene aphunzitsi akufuna asachokere pa sikelo ya mavenda.

Mai wochita malonda odutsa malire, Mwami:

A Msungichuma, pa kuyezetsapo muikepo ndalama za maulendo awiri, osati umodzi. Nshawa zimene zayera pokolola mu May zimatha kugwidwa chuku m'nkhokwe pofika November, ndipo wogula amayeza tsiku limene akukweza katundu.

Wapampando:

Zikomo nonse. Sindikutseka nkhani lero, chifukwa amai a m'kalabu, amene ndiwo eni nshawa, ambiri sali pa foni ndipo sanamvepo zimene takambiranazi. A Mlembi adzawawerengera pa msonkhano wawo wa Loweruka pansi pa mtengo wa mango paja, ndipo afunsenso za amai a ganyu amene aphunzitsi atchula. Inu a ku Lusaka mupite ku PACRA mukatenge mitengo ya utility model ndi ya dzina la malonda yolembedwa pa pepala. Atate alangizi, mutifunsire ku Msekera kumene tingayezetse nshawa ndi kuchuluka kwa zimene amafuna pa kuyeza kumodzi. Chinthu chimodzi chimene tonse taiwala ndi chakuti mwini makinayo sitinamufunse chimene iye akufuna, ndiye mawa ndikapita ku shopu yake ndekha, ndipo ndikupempha a Msungichuma mundiperekeze.