Za funso langa lija la poker, zasintha ndithu

Anzanga, masabata atatu apitawo ndinafunsa kuti bwanji ndikumaluza pa poker ya Texas Hold'em kwa anyamata oti angoyamba kumene, ma blind athu (ndalama zoti uponye makadi asanagawidwe) ndi 100/200 kwacha basi. Ambiri munati ndisiye bluff (kubetcha moopseza makadi ali ofooka), ndamvera.

Vuto linali loti anthu amenewa sataya makadi ayi, munthu ali ndi peya ya ma 4 amangopanga call (kulipira zomwe wabetcha) mpaka river (khadi yomaliza ya patebulo), ndiye ukumuopseza ndani? Pano ndikagwira top pair (peya ya khadi yaikulu kwambiri patebulo) ndi kicker (khadi yanga inayo) yabwino ndikumabetcha magawo awiri mwa atatu a pot (ndalama zonse zapakati), pa flop (makadi atatu oyamba a patebulo), turn (khadi yachinayi) mpaka river, iwo nkumalipira. Loweruka ndinali ndi A-K, ace inatuluka pa flop, mnyamata wina anandilondola ndi A-7 mpaka ma chips ake onse anathera kwa ine.

Wosaka flush (makadi asanu a mtundu umodzi) sindikumupatsanso khadi yaulere, ali ndi makadi 9 omupulumutsa, mwayi wake ndi pafupifupi 35% kuchokera pa flop kufika river, alipire kaye. Koma munthu wofatsa akangokweza mwadzidzidzi pa river ndikumataya, amakhala alinazodi.

Chatsala nchoti ndikakweza ma big blind 3 (blind yaikulu ija ya 200) flop isanatuluke anthu asanu amalowabe, ndikweze mpaka 5 kodi?