Ku Seki Onsen usiku munthu amadya kuti?

Nachisale, Nchalo: Akuluakulu, mlongo wanga amene akuphunzira ku Japan akufuna kukasewera ski, masewera otsetsereka pa chipale chofewa, ku Seki Onsen mu Januwale. Akuti alipira chipinda chokha, chakudya azikagula panja kuti apulumutse ndalama. Kodi kumeneko kuli malo odyera ndi ochezera usiku?

Mbewe, Bangula: Achemwali, muuzeni asayerekeze. Seki Onsen ndi kamudzi ka m'mapiri a Myoko, m'chigawo cha Niigata, ndipo makina okweza anthu kumtunda alipo awiri okha. Si ngati pa Nchalo pomwe chiwaya chimayaka mpaka usiku. Asankhe mtengo wotchedwa ippaku nishoku, wa chipinda pamodzi ndi chakudya chamadzulo ndi cham'mawa. Amapakula cha m'ma 6 koloko, ndipo amaphika mowerengera alendo amene adaneneratu. Wobwera mochedwa amapeza khitchini yatsekedwa. Patebulo pamakhala mpunga wa ku Niigata, msuzi wa miso, nsomba, ndiwo zamasamba zowawasa, nthawi zina mphika wa nabe wowira pamaso pako. Ngati sadya nkhumba kapena nsomba yaiwisi, anene pa tsiku losungitsa malo, osati atakhala kale pansi. Asamalenso ndi ramen, chakudya chonga supageti cha mumsuzi, msuzi wake kawirikawiri amaphikira mafupa a nkhumba. Akamva kuti ndiwo zikuzizira mkamwa, afunse kanzuri, tsabola wa ku Myoko yemwe amamuyanika pa chipale chofewa n'kumusunga zaka 3.

Mayi Phiri, Nsanje Boma: Anyamule ndalama za m'manja, malo ang'onoang'ono ambiri salandira khadi. Atapiretu pa ATM ya m'sitolo ya 7-Eleven kapena ya positi ofesi asanakwere phiri, aguliretu buledi, zipatso ndi tiyi.

Mbewe, Bangula: Za usiku, kumeneko anthu amasamba m'madzi otentha a onsen n'kukagona. Asambe kaye thupi lonse ndi sopo asanalowe m'dziwe, ndipo asalowemo atamwa mowa, chizungulire chimagwetsa. Akafuna phokoso apite ku Akakura Onsen, mudzi wina wa ku Myoko komweko, kuli ma izakaya, malo omwera mowa ndi kudyera. Kambale kakang'ono kamene amabweretsa osaitanitsa, otoshi, si kaulere, kamalowa pa bilu. Mowa amaloleza kuyambira zaka 20. Apangane ndi wa takisi wobwererera asananyamuke, chifukwa usiku takisi zimasowa, ndipo malamulo a Japan amalanga ngakhale wokwera m'galimoto imene akudziwa kuti dalaivala wake wamwa.